Chagulidwa chagulidwa? Foni yakale yandionetsa zakuda pa Migowi

MIGOWI, Phalombe — Kafoni kanga ka mabatani kadalira Lachisanu m'mamawa ndikusukusula, ndipo mawu amene ndidamva adandithera tulo tonse totsala m'maso.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Ndine mayi uja munandigulitsa foni Lolemba pa Migowi. Foni yanu ija ikumangozima yokha. Ine ndikufuna ndalama zanga."

Inu anzanga a geni, amene mumaswera pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mukudziwa mmene m'mimba mumabwadamukira kasitomala akabwera ndi mawu oterewa, makamaka ndalama yakeyo mutadya kale. Yangayo idali itapita. K135,000 imene mayiwa adanditumizira idagona kwa ine usiku umodzi wokha: ina ndidapatsa amayi kumudzi kuti aonjezere pogula feteleza, ina idalowa ku lendi ya miyezi iwiri, yotsalayo idatseka ngongole ya pa golosale. Tsono ine ndidayankha ndi mawu amene tonsefe tidakula tikuwamva mumsika:

"Mayi, munaiona, munaiyesa, munaikonda nokha. Chagulidwa chagulidwa."

Mayiwa sadakalipe ayi. Adangoti: "Zikomo achimwene. Koma zimene munalemba pa Facebook zija ndinazisunga." Basi, n'kudula.

Nkhaniyi ndi yondichititsa manyazi ine mwini wake, munthu amene ndimalemba za katangale wa anzanga m'nyuzi muno. Koma ndaona kuti ndiilembe ndithu, popeza pakati pa inu owerenga alipo ambiri amene mafoni akale ndiye geni yawo, ndipo enanu mwagulitsapo kamodzi kapena kawiri zinthu zitathina. Tsiku lina kuimba kotereku kudzafika kwanu.

Kaunjika woyala pa Facebook

Akuluakulu akukumbukira kuti pomwe TNM idayamba mu 1995, kenaka Celtel mu 1999, foni ya m'manja idali ya mabwana a mataye ndi andale basi. Kuno ku Phalombe, komwe tidangopatsidwa boma lathulathu mu 1998 kuchoka pansi pa Mulanje, munthu ukafuna kuimba lamya umanyamuka ulendo wa ku positi ofesi. Lero mayi wa tomato, mnyamata wa kabaza, venda wogula nandolo pa sikelo, aliyense ali nayo. Airtel Money itabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, foni idasanduka chikwama cha ndalama. Ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafoni atsopano m'masitolo a ku Limbe adakwera mitengo mwakuti ambirife tidathawira ku kaunjika wa mafoni.

Kaunjika ameneyu sayalidwa pansi ngati malaya. Amayalidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ndipo apa ndi pamene pali msampha umene ine sindidauone. Pa benchi, zimene wauza kasitomala zimapita ndi mphepo. Mukakangana mawa, iye anena zake, iwe unena zako. Pa intaneti mawu ako umachita kuwalemba ndi chala chako, ndipo amakhala pompo kukudikira.

Ine ndidalemba motere: "Foni yoyera, yopanda vuto lililonse, batire lolimba. K150,000, tikambirana." Ndidaika zithunzi zinayi, nditaipukuta mpaka kuwala.

Amene adaifuna ndi mayi wina wa geni ya matemba ndi milamba ya ku Nyanja ya Chilwa, wochokera mbali za kwa Nambazo. Adandiuza kuti makasitomala awo a ku Limbe masiku ano sakhulupirira pakamwa, amafuna aone kaye chithunzi cha nsomba asanatumize ndalama. Tidakumana pakhonde la golosale ina pa Migowi. Adaikamo simu khadi yawo, adaimbira mwana wawo, adajambula njinga imene idaima pafupi, adatsegula WhatsApp. Zonse bwino. Mphindi khumi zokha, tidagwirizana K135,000, ndalama idalowa, tidagwirana chanza.

Chimene sindidawauze ndi ichi. M'dzinja lapitali, ndikuchokera kukatola nkhani, kabaza amene ndidakwera adaterereka powoloka kamtsinje kosefukira, ndipo foniyo idamira limodzi ndi ine. Ndidaikwirira mu thumba la mpunga masiku atatu monga amanenera anthu, n'kudzuka. Koma kuyambira pamenepo, ikagwira ntchito nthawi yaitali n'kutentha, imazima yokha ngakhale moto ulimo wambiri. Pa mphindi khumi siingazime. Ine ndimadziwa zimenezo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Aise, usatumize ngakhale tambala"

Lachisanu lomwelo ndidathamangira kwa mnzanga wina wokonza mafoni, mnyamata amene ndidaphunzira naye ku sekondale. Za madzi zija sindidatchule. Ndidangoti kasitomala akufuna ndalama zake.

"Aise, usatumize ngakhale tambala foni isanafike m'manja mwako," adatero iye, maso ali pa foni ina imene amaiotcherera. "Anthu ogula nawo si angelo."

Ndipo adanena zoona, tisabise. Pa zimene waona pa benchi yake, si aliyense wofuna kubwezeredwa ndalama amene walakwiridwa.

Chinyengo chachikulu ndi chosinthanitsa. Munthu ali ndi foni yakufa kunyumba kwake, amasaka ina yofanana nayo mtundu ndi maonekedwe, amagula yanu yamoyo, pakapita masiku awiri n'kukubweretserani yakufayo akulira kuti mwamubera. Mankhwala ake ndi amodzi: nambala ya IMEI. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, ndipo imatuluka mukadina *#06#. Ya masimu khadi awiri imatulutsa ziwiri. Nambala imeneyi muilembe musanapereke foni, muitumize kwa wogulayo pa meseji kuti nonse mukhale nayo. Foni ikabwerera, chinthu choyamba si kumva madandaulo, ndi kuona nambala. Ngati foniyo siikuyaka n'komwe, nambalayi imapezekanso pa katoni, ndipo mafoni ena idalembedwa kumbuyo kapena pa kabati kolowetsera simu khadi.

Ena sasintha foni yonse. Amaitsegula, n'kuchotsa sikilini yeniyeni kapena batire labwino, n'kuikamo zachabechabe, n'kumata. IMEI ikhala yomweyo koma m'kati mwapita. Apa wokupulumutsani ndi wokonza mafoni wa maso akuthwa, amene amaona ngati timisomali tayambapo kumasulidwa ndiponso ngati guluu ndi watsopano. Kavidiyo kakafupi kojambula tsiku logulitsa, foni ikuyaka, ikulira, ikulowa moto, kamathetsa mikangano yambiri isanayambe.

Palinso amene foni saifuna n'komwe, akufuna ndalama zanu. Meseji imalowa yooneka ngati ya kampani, yoti mwalandira ndalama. Posakhalitsa munthu akuimba kuti wasintha maganizo, mumubwezere. Mukabweza osayang'ana balansi yanu nokha, mwapereka ndalama imene siidalowe. Wina amalipira ndithu, koma pofuna kubwezeredwa amakupatsani nambala ina, ati ndi ya mkazi wake; mawa mwini nambala yoyamba ija akutulukira kuti iye sadalandire kalikonse. N'chifukwa chake ndalama yobweza iyenera kubwerera pa nambala yomwe idachokera, osati ina. Chiyambire kalembera wa manambala a foni mu 2018, nambala iliyonse imayenera kukhala ndi dzina la mwini wake monga liliri pa chiphaso cha unzika, ndipo dzinalo limaoneka potumiza ndalama. Liwerengeni kaye musanadine.

Ndiye pali gulu limene silikuba, langonong'oneza bondo. Wapeza ina yotsika mtengo, kapena kunyumba amukalipira kuti ndalama ya mbewu wagulira foni, kapenanso amangofuna yojambulira ukwati wa Loweruka. Awa mukawabwezera ndi chifundo chanu chabe, ndipo mukadulako kenakake palibe angakunyozeni.

Ndidachoka pa benchi ya mnzangayo mtima uli m'malo. Ndidawaika mayi aja m'gulu la osinthanitsa, mwinanso la onong'oneza bondo. Masana onse ndidayenda chifuwa chili patsogolo. Koma usiku, nyali itazima, kamtsinje kaja kadayamba kusefukira m'mutu mwanga.

Lamulo likuti bwanji?

Loweruka ndidakhala pansi n'kuwerenga zimene malamulo a dziko lino akunena, ndi chiyembekezo choti ndipezamo pobisala. Ndidapezamo zondikomera pang'ono, zondiwawa zambiri.

Lamulo lalikulu pa nkhani yogula ndi kugulitsa katundu ndi Sale of Goods Act la 1967, limene tidatengera ku lamulo la ku Mangalande la 1893. Zoonadi, maziko ake ndi akuti wogula achenjere yekha. Ngati munthu wapatsidwa mpata woyang'ana katundu, sangadzadandaule za chilema chimene akadachiona poyang'anapo. Galasi long'aluka, batani lothothoka, kumbuyo kokalika, zimenezo adaziona ndipo mtengo udatsika kaamba ka zomwezo. Komanso wogula akakhala ndi katundu nthawi yaitali osanena kanthu, lamulo limati waulandira. Munthu sangabwere patatha miyezi itatu kuti foni yayamba kuvuta. Foni yakale ndi yakale, siingakhale ngati ya m'katoni.

Mpaka apa ndimangogwedeza mutu mokondwa. Koma lamulo lomwelo likuti katundu wogulitsidwa pofotokoza maonekedwe ndi mkhalidwe wake ayenera kufanana ndi zimene zafotokozedwazo. Ine ndidalemba kuti "yopanda vuto lililonse". Palibe adandikakamiza. Ndikadangolemba kuti "foni yakale, bwerani mudzaione", nkhani ikadakhala ina. Ndipo vuto la foni yangayo silidali loti munthu n'kuliona pa mphindi khumi pakhonde la golosale.

Kwa inu amene mafoni ndiye geni yanu ya tsiku ndi tsiku, katundu wa lamulo ndi wolemererapo kuposa wa munthu wongogulitsa foni yake imodzi, chifukwa wogula amadalira kuti inu mumazidziwa. Pamwamba pake pali Consumer Protection Act la 2003 loteteza ogula, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda limene lidalembedwanso mwatsopano mu 2024. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC mwachidule, lakhala likuchenjeza kuti zikwangwani zija timakonda kukhoma zoti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi lamulo ngati katunduyo ali ndi chilema. Nalo bungwe la ogula la CAMA lakhala likufuula za ufulu wa ogula kuyambira mu 1994. Ndiye mawu athu aja oti chagulidwa chagulidwa ndi okoma kukamwa, koma pamaso pa majisitireti alibe mano monga timaganizira.

Pali milandu ina itatu imene wogulitsa sayenera n'komwe kutsegula pakamwa kukangana. Woyamba ndi foni yakuba. Lamulo likuti wogulitsa akhale ndi ufulu wogulitsa chinthucho. Apolisi akailanda kwa kasitomala wanu, ndalama yake yonse ili pa inu, ngakhale inuyo mudagula osadziwa. Ndipo kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba ndi mlandu pansi pa gawo 328 la malamulo a milandu ya upandu. Enanu amene mumagula mafoni kwa anyamata othamanga a pa depoti, opanda katoni, opanda chaja, pa mtengo wa nkhuku, mukudzidziwa. Wachiwiri ndi mafoni a ngongole aja, olipira pang'onopang'ono, amene amadzitseka okha mwini akasiya kulipira. Kugulitsa yotero ngongole isanathe, osanena, ndi kugulitsa chinthu chimene sichidakhale chako. Wachitatu ndi foni yotsekedwa ndi akaunti. Kuyambira mu 2015 mafoni a Android, munthu akawafufuta zonse akaunti ya Google ya mwini wake isanachotsedwe, amafunsa pasiwedi ya mwini wakeyo. A iPhone adayamba zimenezi mu 2013. Kasitomala akakuimbirani kuti foni yatseka motere, si chinyengo ayi, ndi inu amene mudaiwala kuchotsa akaunti yanu. Pitani mukatsegule, kapena bwezani ndalama.

Chidanditulutsa thukuta ndi gawo 319 la malamulo omwewo, lonena za kupeza katundu kapena ndalama za munthu pomunamiza mwadala. Kusamvana pa malonda pakokha si nkhani ya chitokosi, ndi nkhani yoti anthu akambirane kapena akasumirane ku bwalo. Koma bodza ladala ndi nkhani ina. Ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lidavomereza kuti uthenga wa pa foni ndi pa intaneti ungathe kukhala umboni m'khoti. Mawu a mayi aja oti "ndinazisunga" adali ndi kulemera kwake.

Tinene chilungamo: mayi wa matemba wa kwa Nambazo sangakwere basi kupita ku likulu la CFTC ku Lilongwe kaamba ka K135,000. Kuno kwathu makhoti amene amagwira ntchito msanga ndi tcheyamani wa msika, anyakwawa, apolisi a pafupi, ndi khoti latsopano lija lopanda apilu, la pa Facebook, komwe chithunzi chako chimaikidwa ndi mawu oti "chenjerani ndi wakuba uyu". Lamulo la 2016 lomwelo limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti, koma pofika poti lamulo likuthandize, dzina lako lafika kale ku Chiringa, ku Mulomba mpaka ku Chitakale. Chigwa cha Phalombe ndi chachikulu poyenda pansi, koma pa mbiri ndi kakhonde chabe.

Lamulungu madzulo ndidawaimbira.

"Mayi, tsiku lija ndinayankha mwamwano, mundikhululukire. Bwerani nayo mawa, tikaionetse kwa wokonza. Ngati vuto ndi langa, tikambirana."

"Ndibwera achimwene," adatero. "Koma wokonzayo ndisankha ndine."

Dzimbiri silinama

Adafika Lolemba cha m'ma 10 koloko pa njinga yamoto, ali ndi mlongo wawo, bambo wa mapewa ngati chitseko amene sadalankhule mawu opitirira asanu tsiku lonselo. Mnzanga uja adamudumpha, n'kusankha mkulu wina wokonza mafoni cha kumapeto kwa msika, amene ine sindidachezepo naye.

Ndidayamba ndi zimene ndidaphunzira. IMEI sindidailembe tsiku logulitsa, koma mwamwayi katoni idali ikadali pansi pa bedi, ndipo ndidabwera nayo. Tidadina *#06#, manambala adafanana onse 15. Foni idali yanga ndithu. Mkulu uja adaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti siidatsegulidwepo posachedwa. Gulu la osinthanitsa lidagwa pamenepo.

Kenaka adafunsa: "Mayi, mumatchaja kuti?"

"Pa sola ya aneba."

Mtima wanga udadumpha. Aliyense akudziwa kuti m'midzi yathu yopanda magetsi, mafoni ambiri amafa ndi machaja achabe ndi moto wosakhazikika wa mabatire a sola. Ndidayamba kale kukonza mawu m'kamwa. Mdyerekezi amabwera ngati loya, abale.

Mkulu uja sadathamange. Adatenthetsa kumbuyo kwa foni, adaitsegula pang'onopang'ono, adayatsa katochi n'kuyang'ana pa bolodi. Ndiye adatiitana tonse atatu kuti tione. Cha m'munsi, pafupi ndi polowera chaja, padali dzimbiri lobiriwira ngati ndere za pa mwala.

"Iyi inamwa madzi," adatero. "Ndipo si dzulo ayi, si sabata yatha ayi. Dzimbiri lotere limatenga miyezi."

Padali zii. Mlongo uja adandiyang'ana, osati mwaukali, koma mmene munthu amayang'anira mbuzi imene akuganiza zogula. Ndikadatha kunena kuti nanenso ndidagula ili choncho. Anthu ambiri amatero, ndipo palibe akadandigwira. Koma ndidaulula za kabaza, za kamtsinje, za thumba la mpunga.

Mayiwa adapukusa mutu. "Achimwene, mukanandiuza kuti inagwera m'madzi, ndikanagulabe. Ndikanakupatsani yochepa n'kukakonzetsa ndekha. Ife a nsomba tikagulitsa zoyamba kufumbwa timanena, mtengo n'kutsika. Nanga inu ophunzira?"

Yankho ndidalibe.

Kwa tcheyamani

Popeza ndalama padalibe m'thumba, tidapita kwa tcheyamani wa msika kuti pakhale mboni. Ine ndidaika patebulo njira zitatu zimene ochita geni ya mafoni amatsata pakakhala vuto lenileni: kukonzetsa foni ndi ndalama zanga, kubweza gawo la ndalama iwo n'kukhala nayo foniyo, kapena kubweza zonse foni n'kubwerera kwa ine. Kunena zoona ndimapempherera yoyambayo. Mkulu wokonza uja adati angathe kutsuka bolodi ndi kusintha batire pa K35,000, koma sadafune kulonjeza kuti vutolo silidzabwerera, chifukwa dzimbiri likalowa limayenda mobisa.

Mayiwa adakana. Adati foni kwa iwo ndi sitolo, ndipo sitolo yotseka yokha makasitomala ali pakhomo saifuna. Adafotokoza kuti Lachinayi lapitalo kasitomala wawo wa ku Limbe adaimba kangapo foni ili chizimire, mapeto ake adakagula matemba kwa wina. Choncho amafuna K135,000 yawo, thiransipoti ya maulendo awiri, K3,000 ya galasi loteteza limene adamatitsa, ndi phindu limene adataya.

Apa ndi pamene ndidaona ubwino wa munthu wachitatu. Tikadakhala awiri, tikadathera kutukwanana. Tcheyamani adadula motere: mtengo wa foni ubwezedwe wonse, popeza chilema chidabisidwa, ndalama yodula potapa kwa ajenti ikhale yanga, thiransipoti ya tsiku logula ndi yawo, popeza adabwera mwa kufuna kwawo, koma ya tsiku limeneli ndilipire ine. Za galasi adati likhala pa foni, ndiye ndiligule. Za phindu lotayika adakana, ati palibe angatsimikize kuti kasitomala uja akadagula, ndipo tikayamba kulipiritsana maloto msika utsekedwa. Mayiwa adang'ung'udza pang'ono, koma adavomera.

Vuto lidatsala ndi lakuti ine ndidali ndi K60,000 yokha, imene azakhali adanditapira ku banki m'khonde yawo, yoti ibwerere ndi chiwongoladzanja. Yotsalayo ndidapempha masabata awiri. Nanga foni ikhala ndi yani? Ine ndimaifuna kuti ndiigulitse ndipeze ndalama yomalizira. Iwo amati ndikaitenga sadzandionanso. Onse tidali ndi mfundo. Tcheyamani adaitenga n'kuitsekera m'kabati mwake, ati idzatuluka tsiku limene tambala yomaliza idzalowe.

Tisanaitseke, mayiwa adachotsa simu khadi yawo, adatumiza zithunzi zawo kwa mwana wawo, tidachotsa akaunti yawo ya Google, n'kufufuta zonse anthu akuona. Ichi musamaiwale, chifukwa foni yobwerera ili ndi akaunti ya kasitomala idzakutsekerani inuyo, ndipo zithunzi za eni zikatuluka mlandu wake ndi wina. Mgwirizano tidalemba pa pepala la m'kope: tsiku, mtundu wa foni, IMEI, ndalama yaperekedwa, yatsala, ndi tsiku lomalizira. Tidasaina atatu, aliyense adajambula pepalalo. K60,000 ija ndidatumiza pa nambala yomwe idandilipira, dzina lidatuluka lawo, meseji idalowa tonse tikumva.

Potuluka mnzanga wokonza mafoni uja adandikoka pambali. "Aise, bwanji sunandiuze za madzi?" Ndidangoseka chamanyazi. Ndiye adandiuza mmene iye amachitira akagulitsa foni yakale: amalemba pa meseji zilema zonse zimene akudziwa, amapereka masiku atatu oyesera, amanena poyera kuti ikabwera yosweka, yonyowa kapena yotsegulidwa salandira, ndipo ndalamayo saigwira mpaka masiku atatuwo atatha. Ati chovuta kwambiri ndi chomalizachi, chifukwa munthu umagulitsa foni uli kale ndi moto kumsana. Akadandiuza kale, mwina lendi ikadadikira.

Masabata awiri aja adali aatali. Ndidagulitsa nsapato zanga za ku tchalitchi, ndidalemba nkhani zitatu usiku ndi usiku, ina mwa izo n'kukanidwa, ndipo landilodi adandibwereka pang'ono pa lendi yomwe ndidamupatsa ija, akundiseka. Ndidamaliza tsiku limodzi lisanakwane la pa pepala. Mayiwa adayankha ndi meseji ya mawu awiri: "Ndalandira, zikomo." Chithunzi changa pa Facebook sadaikepo. Ya azakhali ku banki m'khonde ndikubwezabe.

Foni ndidakaitenga kwa tcheyamani, ndipo sabata yatha ndaiikanso pa malonda. Ulendo uno ndalemba kuti: "Foni yakale, inagwerapo m'madzi, imazima ikatentha, kamera ndi sikilini zili bwino. K80,000." Ulendo woyamba uja anthu adandiimbira khumi ndi awiri tsiku limodzi. Pano aimba atatu sabata yonse. Wina adangofuna kudziwa ngati ndapenga. Wina ndi wokonza mafoni wa ku Mulanje amene akufuna sikilini yokha. Wachitatu ndi mnyamata wa ku Chiringa, amene akuti ali ndi K45,000 ndi ndowa ziwiri za nandolo. Ndamuuza abwere Lachinayi m'mawa, adzakhale nayo pakhonde la golosale ija ola lathunthu, aonere mavidiyo mpaka itenthe, izime iye akuona, ndiye tidzakambe za nandoloyo.